Mlamu wanga wabwezeretsedwa mu mpingo koma mlongo wanga sakufuna kubwerera kunyumba: Malemba akuti chiyani?

Nkhoswe yothedwa nzeru

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha amene amadziwa bwino Malemba kuti andithandize maganizo lisanafike Loweruka la sabata yamawa, pamene ankhoswe a mbali zonse tidzakumane. Ine ndine nkhoswe ya mlongo wanga wamng'ono, amene wakhala pa banja zaka 11 ndipo ali ndi ana atatu. Chaka chatha kunadziwika kuti mlamu wanga anali ndi chibwenzi chamseri ku tauni kumene amakapikula katundu wa m'golosale yawo, ndipo kuchibwenziko kunabadwa mwana wamwamuna. Mlongo wanga sanamve nkhaniyi kwa mwamuna wake. Tsiku lina akupisa m'matumba a jekete kuti aichape, anapeza kabuku ka kusikelo, pachikuto pake palembedwa dzina la mwana ndi la bambo ake.

Nkhani inapita ku bwalo la akulu a mpingo. Mlamu anavomera osakana kanthu, anadulidwa chifukwa chophwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri, analowa kalasi, ndipo mwezi wathawu wabwezeretsedwa, moti wayambanso kudya Mgonero. Mlongo wanga chichokereni ali kwa amayi kumudzi pamodzi ndi ana. Iye akuti mwamuna wake sakumufunira choipa chilichonse, amamupempherera, akabwera kudzaona ana amamuphikira nsima, koma kubwerera kunyumba sanakonzeke, ndipo sakudziwa ngati adzakonzeke.

Chimene chandivuta n'chakuti mlandu tsopano watembenukira kwa iye. Amayi ena a mu mpingo anapita kukamuwerengera Mateyu 6:15, pamene Ambuye akuti tikapanda kukhululukira anthu zolakwa zawo, Atate wathunso sadzatikhululukira. Anamukumbutsanso za mkazi wogwidwa m'chigololo uja, amene Yesu sanamutsutse. Ankhoswe a kuchimuna nawonso akufunsa kuti ngati Mulungu wakhululuka ndipo mpingo wakhululuka, iye ndi ndani kuti aumirire mlandu umene unatha.

Kodi kukhululuka ndi kubwerera kunyumba n'chinthu chimodzi? Ndipo Mulungu akakhululukira munthu wachigololo, kodi ndiye kuti zonse zathera pompo? Ndinayesa kuwerenga nkhani ya Davide kuti indithandize, koma yangondisokoneza, chifukwa pa 2 Samueli 12:13 mneneri Natani akuuza mfumu kuti Yehova wachotsa tchimo lake, koma pa vesi lotsatira lomwelo akuti mwana wobadwayo adzafa ndithu. Ndi chikhululukiro chotani chimene chimasiya maliro pakhomo?

Mkulu wa mpingo wopuma, Kasungu

Achimwene, pepani ndi katundu amene mwasenzayo. Mwachita bwino kuyambira pa Davide, pakuti palibe malo ena m'Baibulo pamene tchimo ili lalondoledwa mwatsatanetsatane chotere, kuchokera pa diso mpaka kukafika kumanda. Ndikupemphani kuti muwerenge 2 Samueli kuyambira mutu 11 mpaka mutu 18 pa nthawi imodzi, osalekeza pa mutu 12 monga timachitira kawirikawiri pa guwa.

Taonani kaye kukula kwa mlanduwo. Inali nyengo imene mafumu amapita ku nkhondo, ndipo asilikali a Israele anali atazinga mzinda wa Raba wa Aamoni, koma Davide anatsalira ku Yerusalemu. Mkazi amene anamuona akusamba, iye akuyenda pamwamba pa nyumba yake yachifumu, sanali mlendo ayi, chifukwa atafunsa anauzidwa kuti ndi Bateseba, mwana wa Eliamu, mkazi wa Uriya Mhiti, ndipo Uriya ameneyu dzina lake lili pa mndandanda wa ngwazi za Davide pa 2 Samueli 23:39. Mimba itaoneka, mfumu inaitanitsa Uriya kuti akagone kwawo, mimbayo ioneke ngati yake, koma iye anagona pa khomo la nyumba yachifumu, nanena kuti sangapite kukadya, kumwa ndi kugona ndi mkazi wake pamene likasa ndi asilikali anzake ali m'misasa. Anamuledzeretsa, koma sizinathekebe. Potsiriza anamupatsira kalata yopita kwa Yowabu, mkulu wa asilikali, ndipo munthu wosalakwa uja ananyamula m'manja mwake lamulo la imfa yake yomwe. Chigololo sichiyenda chokha. Mlamu wanu kuti asunge chibwenzi mpaka kubadwe mwana, ananama kangati za ndalama za m'golosale ndi za masiku amene ankachedwa ku tauni? Mlongo wanu akuwerenga mabodza onsewo, pamene bwalo linaweruza tchimo limodzi.

Natani atafotokoza fanizo la munthu wosauka amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, kamene kankadya naye, kumwera m'chikho chake ndi kugona pachifuwa pake, Davide anadziweruza yekha ponena kuti wolandayo ayenera kufa ndi kubweza kanayi, monga mwa lamulo la pa Eksodo 22:1. Atauzidwa kuti munthuyo ndi iye yemwe, sanazembe, anavomera kuti wachimwira Yehova. Tsono funsani kuti chimene chinachotsedwa n'chiyani. Levitiko 20:10 ankalamula imfa kwa wachigololo, ndipo wopha munthu nayenso ankayenera kufa, kotero Davide anali ndi milandu iwiri ya imfa. Natani anati tchimo lachotsedwa, simudzafa. Udani ndi Mulungu unatha ndipo chiweruzo cha imfa chinachoka, koma mawu amene anali atanenedwa kale, akuti lupanga silidzachoka pa nyumba yake, sanabwezedwe.

Mwana uja anamwalira pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Pambuyo pake Amnoni, mwana wa Davide, anagwiririra mlongo wake Tamara, ndipo Baibulo likuti Davide anakwiya kwambiri, koma silinena kuti anachitapo kanthu. Ine ndimaona ngati pakamwa pake panali patatsekeka, pakuti bambo amene anatenga mkazi wa mwini angadzudzule bwanji mwana wake pa nkhani yofanana nayo? Patapita zaka ziwiri Abisalomu, mwana winanso wa Davide, anapha Amnoni, kenako anaukira bambo ake, ndipo mwa uphungu wa Ahitofeli anamumangira hema pamwamba pa nyumba yachifumu, nalowa kwa adzakazi a bambo ake Aisraele onse akuona. Chimene Davide anachita mobisa chinabwezedwa dzuwa likuswa mtengo. Pali kanthu kena kamene ambiri sakaona: pa 2 Samueli 23:34 akutchula Eliamu, mwana wa Ahitofeli. Ngati Eliamu ameneyu ndi yemwe uja bambo ake a Bateseba, ndiye kuti phungu amene anapandukira Davide anali agogo ake a mkaziyo, ndipo akuluakulu sananame pamene anati mlandu suola.

Zonsezi zinagwera munthu wokhululukidwa, mwini wake wa Salimo 51. Komabe mwa mkazi yemweyo munabadwa Solomoni, amene Yehova anamukonda namutcha Yedidiya. Zinthu ziwirizi Baibulo limazisunga pamodzi osachita nazo manyazi. Pa 1 Mafumu 15:5 Davide akuyamikiridwa kuti anachita zolungama masiku onse a moyo wake kupatula pa nkhani ya Uriya, ndipo ngakhale pa mndandanda wa makolo a Yesu, pa Mateyu 1:6, mayi ake a Solomoni akutchulidwabe kuti amene anali mkazi wa Uriya.

Ndakhala pa bwalo zaka zambiri, ndipo ndinena mosabisa kuti kubwezeretsa munthu ku Mgonero kumayankha funso la pakati pa iye ndi Mulungu ndi mpingo. Funso la pakati pa iye ndi mkazi wake bwalo silingaliyankhe, chifukwa wolakwiridwa m'chipinda si bwalo. Kukhululuka mlongo wanu walamulidwa, ndipo malinga ndi zimene mwalembazi, zikuoneka kuti wayamba kale, pakuti munthu amene akusunga chidani sapempherera womulakwira ndipo samutsira madzi osamba m'manja. Kukhulupiriranso ndi nkhani ina. Yosefe analira ataona abale ake ku Ejipito, koma sanadziulule mpaka atawayesa ndi chikho chasiliva m'thumba la Benjamini, kuti aone ngati angatayenso m'bale wawo. Davide mwiniyo analeka Sauli wamoyo m'phanga, Sauli analira navomera kulakwa, koma 1 Samueli 24:22 akuti Sauli anapita kwawo, pamene Davide ndi anyamata ake anakwera kulinga kwawo. Sanabwerere naye limodzi.

Mayi wa ana asanu

Bambo, ine ndikufuna kulankhula za nkhani ya pa Yohane 8, chifukwa amayi anzanga amene anakaiwerenga kwa mlongo wanuyo anaigwira chadodolido. Alembi ndi Afarisi anati mkaziyo wagwidwa ali mkati mochita chigololo. Munthu sachita chigololo yekha, nanga mwamunayo anali kuti? Lamulo limene ankalidalira, pa Levitiko 20:10 ndi pa Deuteronomo 22:22, likunena momveka kuti onse awiri afe, mwamuna ndi mkazi yemwe. Iwo anakoka mkazi yekha namuimika pakati pa khamu, mwamuna namulola kuzemba. Tsono taonani zimene zikuchitika kwanuko: wochimwa ndi mwamuna, koma amene waimikidwa pakati kuti anthu amuloze zala ndi mkazi. Ndime imene Ambuye anatetezera mkazi kwa anthu onyamula miyala yasanduka mwala wogendera mkazi wina, amenenso sanalakwe.

Ndiponso amene Yesu anawaletsa anali oweruza amene ankafuna kupha. Mlongo wanu sakufuna kupha munthu. Mwamuna wa mkazi uja sakutchulidwa n'komwe m'nkhaniyi, ndipo Ambuye sananene kanthu za mmene banja lake liyendere kuchokera tsiku limenelo. Mawu awo otsiriza anali kwa wochimwayo, akuti apite ndipo asakachimwenso. Mawu amenewo ndi a mlamu wanu, ndipo ngati asungidwa kapena ayi zidzaoneka ndi nthawi.

Ndikulankhula ngati munthu amene anadutsamo. Zaka zambiri zapitazo bambo a kunyumba kwanga anachita zofanana ndi zimenezi, ngakhale kuti kwa ife kunalibe mwana. Alangizi anandiuza mawu amene mkazi aliyense wa kuno anawamvapo, akuti banja n'kupirira, ndipo wina anafika ponditsegulira 1 Akorinto 7:5 kuti ndisamane mwamuna wanga. Palibe amene anawerenga vesi la pamwamba pake, limene likuti mwamunanso alibe ulamuliro pa thupi lake, koma mkazi wake ndiye ali nawo. Thupi limene anapita nalo kwina lija linali langa. Pa Marko 10:11 Ambuye akuti mwamuna wosiya mkazi wake n'kukwatira wina achita chigololo molakwira mkaziyo, kusonyeza kuti chigololo cha mwamuna ndi mlandu kwa mkazi wake, pamene anthu a nthawi imeneyo ankachiona kwambiri ngati mlandu wolakwira mwamuna mnzake, mwini mkazi.

Ndinakhala kwathu chaka ndi miyezi ingapo. Kukhululuka ndinakhululuka msanga, m'miyezi yoyamba yomwe, chifukwa mkwiyo unkandidwalitsa ndipo ndinkalephera kumaliza Pemphero la Ambuye pofika pa mawu akuti monga ifenso tiwakhululukira. Koma thupi langa linkanjenjemera ndikangomva fungo la sopo amene ankasambira. Zimenezi palibe vesi limene likanazichotsa pa tsiku limodzi. Chimene chinandibweza kunyumba ndi zimene iwo anachita popanda kuuzidwa: anabwera okha kudzanditenga kuti tikayezetse magazi limodzi, tinakhala pa benchi imodzi kudikira zotsatira, ndipo pambuyo pa miyezi itatu tinapitanso. Anandifotokozera zonse, ngakhale zimene sindinkazidziwa ndiponso zimene sindikanazitulukira. Anasiya njira imene inkadutsa kwa mkazi uja, ngakhale inali yachidule popita kuntchito. Zakeyu atalapa sanangonena mawu, ananena kuti abweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda, ndipo Yohane Mbatizi ankauza anthu kuti aonetse zipatso zoyenera kulapa.

Nkhani ya magaziyo musaichitire manyazi pa bwalo la ankhoswe. Makolo athu omwe ankadziwa kuti chigololo chimagwera osalakwa, n'chifukwa chake ankati mwamuna akayenda kunja mwana ali wakhanda amamusempha. Ine za tsempho sindizikhulupirira, koma lemba la pa Miyambo 6:27 limafunsa ngati munthu angafukate moto pachifuwa zovala zake osapsa, ndipo tonse taikapo maliro a amayi okhulupirika amene anapsa ndi moto wotengedwa ndi wina. Aliyense amene akuumiriza mlongo wanu kuti abwerere mwamunayo asanayezetse akuseweretsa moyo wa mayi wa ana atatu.

Katekisiti wa ku Mangochi

Sindikutsutsa zimene anena akulu a mpingo ndi mayiwa, koma ndikuopa kuti sikelo yapendekera mbali imodzi, ndipo nkhoswe ikhoza kupita ku msonkhano itanyamula zifukwa zopatukana zokhazokha. Kwa ife Akatolika lamulo limeneli ndi lachisanu ndi chimodzi, poti mawerengedwe athu a malamulo khumi amasiyana pang'ono ndi anu, koma kulemera kwake n'komweko.

Baibulo likafuna kufotokoza kusakhulupirika kwa Israele, fanizo limene limabwerezedwa kwambiri ndi la mkazi wachigololo, ndipo likafuna kufotokoza chikondi cha Mulungu limatisonyeza mwamuna amene akutsatabe mkazi woteroyo. Hoseya analamulidwa kukondanso mkazi amene anamuthawa, ndipo mutu 3 ukuti anachita kumugula ndi ndalama zasiliva 15 pamodzi ndi barele. Wolakwiridwa ndiye amene analipira. Paulo pa Aefeso 5 akuti ukwati ndi chithunzi cha Khristu ndi mpingo, ndipo Ambuye mwini pa Mateyu 19:6 anati chimene Mulungu wachimanga pamodzi munthu asachilekanitse. Malaki 2:14 akutchula Yehova kuti ndiye mboni pakati pa mwamuna ndi mkazi wa ubwana wake. Mlamu wanu anachita zachinyengo pa pangano limenelo, koma mboniyo idakalipo.

Malamulo a Mpingo wathu a mu 1983, pa nambala 1152, amavomereza kuti wolakwiridwa ali ndi ufulu wosiya kukhala pamodzi ndi mnzake wachigololo, koma asananene zimenezo amayamba ndi kumudandaulira kwambiri kuti, chifukwa cha chikondi chachikhristu ndi ubwino wa banja, asakane kukhululuka ndiponso asathetse moyo wa m'banja. Ukwati weniweniwo kwa ife sutha, ndipo wopatukanayo sakwatiwanso mnzake ali moyo, zimene zikugwirizana ndi 1 Akorinto 7:11, pamene Paulo akuti mkazi akachoka akhale wosakwatiwa kapena ayanjanenso ndi mwamuna wake.

Chimene ndikuchenjeza n'chakuti kudikira kuli ndi ngozi yake. Aheberi 12:15 akunena za muzu wa kuwawa mtima umene umaphuka n'kudetsa ambiri, ndipo ndaonapo mabanja amene anati tingopumako pang'ono, miyezi n'kusanduka zaka, ana n'kukula akudziwa bambo awo ngati mlendo wobwera ndi shuga pakutha pa mwezi. M'fanizo la pa Mateyu 18 kapolo amene anakhululukidwa matalente 10,000 anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100, ndipo tonsefe, olakwiridwa omwe, ndife kapolo woyambayo. Mlongo wanu asaumirizidwe, koma khomo lisatsekedwe, ndipo ankhoswe mugwirizane nthawi yodzakumananso.

Wophunzira zaubusa, Zomba

Akatekisiti achita bwino kutchula Hoseya, ndipo ndikupempha kuti tiwerengenso vesi lotsatira. Pa Hoseya 3:3, mneneriyo atamuwombola mkazi uja, anamuuza kuti akhale masiku ambiri osachita zadama ndiponso osakhala ndi mwamuna, ndipo iyenso adzatero kwa mkaziyo. Ngakhale m'nkhani imene imaonetsa chikondi chozama kwambiri m'Chipangano Chakale munali nyengo yodikira, ukwati usanabwerere mwakale. Mlongo wa ankhoswewa sakuchita chachilendo.

Pa nkhani yothetsa banja, funso la Afarisi pa Mateyu 19:3, lakuti kodi n'kololedwa kusudzula mkazi pa chifukwa chilichonse, linachokera pa mkangano wa aphunzitsi achiyuda pa tanthauzo la Deuteronomo 24:1. Otsatira Hillel ankalola chisudzulo ngakhale pa zifukwa zazing'ono monga kupsereza chakudya, pamene otsatira Shammai ankati chifukwa chake chikhale cha chiwerewere basi. Yesu anawabwezera onse ku Genesis, nanena kuti Mose analola chisudzulo chifukwa cha kuuma mtima kwawo, koma pa vesi 9, monganso pa Mateyu 5:32, anapatula nkhani ya chiwerewere. Pamenepa mipingo inasiyana kuyambira kale. Chivomerezo cha Westminster cha mu 1646, chimene mipingo ya Chipresibateriya imachilemekeza, pa mutu 24 chimati wosalakwayo akhoza kuthetsa ukwati ndi kukwatiranso ngati kuti wolakwayo anamwalira, pamene Akatolika amaima pamene anena akatekisiti. Koma mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chinthu chimene ankhoswe akufunachi: wolakwiridwa amene wapatukana ndi mnzake wachigololo sanachimwe pa kupatukanako. Ambuye analola, ngakhale sanalamule. Tikumbukirenso kuti Yosefe, poganiza kuti Mariya wamulakwira, anafuna kumuleka mwakachetechete kuti asamuchititse manyazi, ndipo Mateyu 1:19 akumutchula munthu wolungama pa maganizo omwewo.

Pa Yohane 8 ndionjezepo kanthu kamodzi kamene tinaphunzira. Ndime imeneyi, kuyambira 7:53 mpaka 8:11, mulibe m'mipukutu yakale kwambiri ya Chigiriki, monga Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus ya m'zaka za m'ma 300, ndipo imayamba kuoneka m'mipukutu ngati Codex Bezae ya cha m'ma 400, pamene ina inaiika pambuyo pa Luka 21:38. Augustine wa ku Hippo, amene anamwalira mu 430, ankaganiza kuti anthu ena anaichotsa poopa kuti akazi awo angaitenge ngati chilolezo chochimwa. Kaya anali kulondola kaya ayi, mawu akewo akusonyeza kuti mantha akuti chifundo chingalimbikitse tchimo ndi akale kwambiri. Mpingo wakhala ukuiwerenga ndimeyi kwa zaka mazana ambiri, ndipo zimene imaphunzitsa zikugwirizana ndi 1 Akorinto 6:9-11, pamene Paulo akutchula achigololo pakati pa amene sadzalowa ufumu wa Mulungu, kenako n'kunena kuti ena a inu munali otero, koma munasambitsidwa. Choncho mlamu wanu ngati walapadi, asamutenge ngati wodetsedwa mpaka kale. Pa 2 Akorinto 2:7 Paulo anauza mpingo kuti ukhululukire ndi kutonthoza munthu amene analangidwa, kuti chisoni chochuluka chingamumize.

Pamene ndikufuna kusiyana pang'ono ndi mmene nkhani ya Davide ingamvekere ndi pa imfa ya mwana. Natani anapereka chifukwa chake pa 2 Samueli 12:14, chokhudza kunyozedwa kwa Yehova kumene mchitidwe wa mfumu unabweretsa, ndipo chinali chiweruzo chonenedwa ndi mneneri kwa mfumu imodzi pa nthawi imodzi. Sitingachisandutse lamulo lakuti mwana aliyense wobadwa kunja kwa banja ali ndi tsoka. Ezekieli 18:20 akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya bambo ake, ndipo ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9, Ambuye anakana kuti chinachititsa ndi tchimo la makolo. Yefita anali mwana wa mkazi wadama, abale ake anamupirikitsa kuti asalandire nawo cholowa, koma dzina lake lili pa Aheberi 11:32 pakati pa ngwazi za chikhulupiriro.

Ndanena izi chifukwa m'nkhani yonseyi palibe amene wafunsa za mwana wa ku tauni uja. Kulapa kwa mlamu wanu sikungatanthauze kumutaya, pakuti 1 Timoteo 5:8 akuti wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro. Ayenera kusiyana ndi mayi ake a mwanayo, koma sopo, chakudya, ndipo patsogolo pake fizi, ziyenera kumapita poyera, mkazi wake akudziwa kuchuluka kwake ndi njira yake, makamaka kudzera mwa munthu wachitatu. Chimenechi ndi chotsatira chimene banjali lidzakhala nacho moyo wonse, ndipo ankhoswe mukapanda kuchikambirana Lowerukalo, chidzakuitanitsaninso.

Nkhoswe yothedwa nzeru

Zikomo kwambiri nonse, akuluakulu, chifukwa cha nthawi imene mwataya pa nkhani yanga. Dzulo ndinapita kumudzi ndipo ndinamuwerengera mlongo wanga mayankho onsewa, a akatekisiti omwe, titakhala pakhonde ana atagona. Anamvetsera osandidula, ndipo nditamaliza anandiuza chinthu chimene pa miyezi yonseyi palibe aliyense wa ife anamufunsa. Akuti mwamuna wake anavomera pamaso pa akulu a mpingo, anapepesa abusa, anapepesa amayi athu ndi ine, koma kwa iye mwini sanakhalepo pansi n'kunena chimene anachita. Zonse zimene akudziwa anazimvera ku bwalo, pamodzi ndi anthu ena. Akabwera kudzaona ana amalankhula za mitengo ya katundu ndi za feteleza, ngati kuti mkaziyo anangopita kukacheza kwawo.

Ndinakumbukira Mateyu 5:23-24, pamene Ambuye akuti ukabwera ndi mtulo wako ku guwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo, uyambe wakayanjana naye. Ife tinayendetsa nkhaniyi chosemphanitsa, ndipo ine monga nkhoswe ndili ndi gawo langa pa kulakwitsako. Lachitatu ndikakumana ndi mlamu wanga patokha, msonkhano usanafike, ndipo ndikamuuza zimenezi pamodzi ndi za kuyezetsa magazi ndi za chithandizo cha mwana. Kwa ankhoswe anzanga ndikapempha kuti tisaike tsiku loti abwerere, koma tiike tsiku loti tidzakumanenso.

Pamene ndimatsazika m'mawa uno, mlongo wanga analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku ka kusikelo kaja, kamene wakhala akukasunga pansi pa sutikesi chipezereni. Wandipatsa kuti ndikapereke kwa mlamu, akuti kabukuko n'ka mwana, ndipo mwina kuchipatala akhala akukafunsa.